Mitengo ya m'makwalala athu: ndalama za khonsolo tingazipeze bwanji?

Mayi Telala

Moni nonse. Ndabwera ndi funso kwa inu amene mumadziwa kayendedwe ka ndalama za khonsolo, komanso amene munagwirapo ntchito ya mitengo kuno ku Mangochi.

Ine ndimasoka zovala pakhonde la nyumba ya lendi mbali ya ku Mpondasi. Kwathu kuno nyumba n'zothithikana, zambiri za malata opanda siling'i, ndipo mwezi uno wa Okutobala ikangokwana 10 koloko m'mawa m'nyumba simukhalika. Makina anga ndimangokhalira kuwakoka kutsatira kamthunzi ka khoma. Masana chitsulo chake chimatentha moti ndimayalapo kansalu kuti chisandiwotche dzanja. Ana akaweruka kusukulu amabwera akudumphadumpha chifukwa mchenga ukuwawotcha mapazi, ambiri nsapato alibe. Kuchokera pachigayo kukafika pakiyosiki ya madzi pali mtengo umodzi wokha wa nimu, ndipo pansi pake mupezapo mayi wa tomato, mnyamata wokonza njinga, agogo othawa kutentha m'nyumba, ndi mbuzi za anthu, onse kulimbirana mthunzi umodzi.

Tsono mukalowa ku Boma, komwe kuli maofesi ndi nyumba za akuluakulu, mupeza mitengo ikuluikulu m'mbali mwa misewu, munthu n'kuyenda kamtunda ndithu osawombedwa ndi dzuwa. Kumeneko wina anadzala kalekale, ndipo panali wina amene ntchito yake inali kuisamalira mpaka inakula. Kwathu kuno munthu wotero sanakhaleko. Komatu ifenso timadula chiphaso pamsika, timashopu tathu timalipira malayisensi, ndipo eni nyumba amene amalipira msonkho wa malo amautenga mu lendi yathu yomweyi.

Dzinja lapitali kunabwera anthu a bungwe lina ndi mbande zodzaza galimoto. Kunali magule, kunali zolankhula, tinajambulidwa zithunzi titagwira makasu. Tinadzala ndi mtima wonse m'mbali mwa msewu ndi kuzungulira bwalo lomwe ana amasewerapo mpira. Pofika mu Juni mbuzi zinali zitabudula nsonga zonse, zotsalazo chiswe chinamaliza, ndipo lero mukapita mupeza timaenje tokhatokha. Anthu aja sanabwerenso. Sindikuwanyoza ayi, anabweretsa zimene anali nazo. Koma mtima umandipweteka chifukwa azimayi anasiya mabizinesi awo tsiku lathunthu, ndipo panopa ukawatchulira za mitengo amangoti, "Zomwe zija?"

Anzanga a m'gulu lathu la banki m'khonde andituma kuti ndifufuze. Kodi khonsolo ya tauni imakhala ndi ndalama zoikidwa padera za mitengo? Ngati zilipo, tigogode khomo liti, kwa khansala kapena ku ofesi ya zankhalango? Ndipo chomwe ndikufunitsitsa kudziwa n'chakuti, ndalama zoterezi zingalipire mipanda ndi munthu wothirira m'chilimwe, kapena zimathera pogula mbande basi? Chifukwa ngati n'za mbande zokha, ine sindingakasonkhanitsenso anzanga.

Mlangizi Wopuma

Mayi, funso lanu lomalizalo ndiye mwini nkhani. Ndagwira ntchito ya zankhalango kwa zaka zambiri m'madera a m'mphepete mwa nyanja, ndipo pa ntchito yonse yolera mtengo, mbande ndiyo yotchipa kuposa china chilichonse. Ndalama ndi thukuta zimalowa kuyambira Meyi mpaka Novembala, pamene kumwamba kuli mbee.

Dziko lathu lili ndi nyengo yodzala mitengo yomwe imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Masikuwa anaikira dziko lonse, koma Mangochi si Mulanje kapena Nkhata Bay. Tili m'chigwa, mvula yathu ndi yochepa ndipo imadula msanga, komanso dothi la m'tauni muno malo ambiri ndi mchenga wosasunga madzi. Mbande yodzalidwa mu Malichi imangolawa mvula ziwiri zitatu, kenako chilimwe chaipeza mizu isanazame. Kuno dzalani mvula ikangokhazikika, kumapeto kwa Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale, kuti mtengo umwe miyezi itatu yathunthu. Zimandiwawa kuti kawirikawiri tsiku lodzala limadikira mlendo wolemekezeka, mbande zili phee m'machubu mvula yabwino ikupita.

Nimu mwauona kale kuti kwanuko ukuchita bwino. Suopa dzuwa, chiswe sichiukonda, ndipo umakhalabe ndi masamba ngakhale mu Okutobala. Mtengo wa kesha nawonso ndi wolimba, umakula msanga, mbuzi sizithamangira masamba ake, ndipo mukausadza umaphukanso n'kukupatsani nkhuni. Msangu uli ndi khalidwe lakelake: umayoyola masamba m'dzinja n'kuphuka m'chilimwe, ndiye mthunzi wake umabwera nthawi yomwe tikuufunayo. Koma uli ndi minga, choncho pabwalo la ana opanda nsapato aja ayi, udzaleni kumalire. Mango musawaiwale. Mtengo wa mango munthu saudula mwachisawawa, ndipo womezanitsa umayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi. Bwemba ndimaukonda kwambiri, mthunzi wake ndi wozizira ndipo umakhala mibadwomibadwo, kungoti umachedwa kukula. Dzalani umodzi kapena iwiri pamalo otakasuka. Mbawa isungireni chakufupi ndi Shire komwe mizu ingapeze chinyezi. Bulugama pakati pa nyumba musayerekeze. Umamwa madzi ambiri, chiswe chimadya mbande zake, ndipo nthambi zake zimathyoka kukachita mkuntho.

Dzenje likhale masentimita 60 mbali zonse ndi 60 kuya kwake. Dothi lapamwamba muliike padera, mulisakanize ndi manyowa owolerana bwino, ndipo ndilo liyambe kubwerera m'dzenjemo. Chubu muchotse. Ndafukulapo mbande zambiri zakufa n'kupeza mizu itapiringizana m'pulasitiki yake, chifukwa odzala anali pachangu. Musiye kabeseni kozungulira tsinde koti madzi azidikhamo, muphimbire ndi udzu, koma udzuwo usakhudze tsinde chifukwa umaitana chiswe.

Mpanda umangidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Inu mwaionapo mbuzi ikafuna nsonga: imaimirira ndi miyendo yakumbuyo, yakutsogolo itatsamiritsa pampanda, khosi n'kulitambasula mpaka lilime lafika. Mpanda wofika m'chiuno n'kungotaya bango. Uzifika pachifuwa cha munthu wamkulu kapena kuposerapo, ndipo ukhale motalikirana ndi mbande kuti mbuzi ikalowetsa mlomo pampata isafikire tsamba. Bango, nsungwi, nthambi za minga za mthethe, ngakhale njerwa zosanja mosiya mipata, zonsezi zimagwira ntchito.

Tsopano madzi, amene aliyense amawaiwala polemba mapulani. Chaka choyamba mtengo uliwonse upatseni ndowa imodzi ya malita 20 pa sabata, yothira kamodzi madzulo. Kuwaza timadzi tsiku ndi tsiku kumachititsa mizu kuyandama pamwamba, pamene ndowa yathunthu imalowa pansi mizu n'kuilondola. Tiwerengere limodzi. Mitengo 50 ndi ndowa 50 pa sabata. Kuyambira Meyi mpaka Novembala ndi masabata pafupifupi 30. Zikukwana ndowa 1,500. Funsani mtengo wa ndowa pakiyosiki panu, muchulukitse, muonjezerepo thukuta la wosenza. Imeneyo ndiyo ndalama yeniyeni ya mitengo 50, ndipo chaka chachiwiri imatsika kwambiri chifukwa nimu ndi kesha zimakhala zitadziimira.

Dziko la Malawi linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030, ndipo chaka ndi chaka timamva za mamiliyoni a mbande zodzalidwa. Chiwerengero cha zomwe zaonanso mvula yotsatira sichimveka kawirikawiri. Inu mukamapempha, pemphani mitengo 50 ya mipanda ndi madzi. Wina akabwera ndi mbande 5,000 popanda zimenezi, muthokozeni n'kumupempha kuti ndalama ya mbande zinazo aisandutse madzi.

Wakabaza pa Mlatho

Salaam aleikum achemwali, ndi inu bambo alangizi. Ine ndimapalasa kabaza, siteji yathu ili chakufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ndiye dzuwa la tauni ino msana wangawu umalidziwa.

Pasiteji pathu pali mtengo wa kesha womwe tinadzala tokha anyamata. Tinauzinga ndi bango, pansi tinaikapo tayala lakutha la galimoto kuti njinga zisamaugunde. Aliyense wochokera kumtsinje ankabwera ndi chigubu cha madzi pakaliyala. Mbuzi ikayandikira pamakhala woithamangitsa, chifukwa pasiteji sipasowa munthu kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Lero tikukhala pansi pake, makasitomala amadikira pomwepo, ndipo mayi wina wayamba kugulitsapo thobwa. Ina yomwe inadzalidwa chaka chomwecho m'mbali mwa msewu, yopanda mwini, sipanatsale ndi umodzi womwe.

Ndiye maganizo anga ndi akuti mtengo uliwonse ulembedwe dzina la munthu amene amaswera pamalopo: wa tomato, wa chipisi, wokonza njinga, wogulitsa mayunitsi, ngakhale inuyo ndi makina anuwo. Ina ipite pamizikiti, pamadarasa ndi pamatchalitchi. Pamzikiti madzi amene timasamba tisanaswali amangotayika pansi kasanu pa tsiku. Kangalande kakang'ono kolunjika pamtengo, basi mtengowo wapeza wothirira wosafuna malipiro.

Koma pali china chimene simunachitchule, nkhuni. Tauni ino imaphikira makala ndi nkhuni. Owamba nsomba akufuna nkhuni, owotcha njerwa akufuna nkhuni. Matumba a makala ochokera kumapiri, mbali za ku Namizimu ndi ku Phirilongwe, timawaona panjinga m'mamawa. Lamulo la zankhalango analikhwimitsa mu 2020, koma m'makomo anthu akuphikabe ndipo magetsi ophikira ambiri alibe. Mtengo wopanda mwini ukangofika msinkhu wa mpini wa khasu, usiku umodzi wapita. Kudzala pamsewu n'kuchokapo kuli ngati kuyanika usipa pathandala n'kukagona akhwangwala ali pompo.

Nkhani ya mbuzi tikambirane poyera pamaso pa mfumu, pakuti eni mbuzi ambiri ndi ife tomwe. Ndipo achemwali, mukapita kukhonsoloko mukatchulenso masiteji a kabaza. Ifenso timadula ziphaso.

Mlembi Wakale wa Komiti

Mayi Telala, ine ndinakhalapo mlembi wa komiti ya chitukuko m'dera lathu, ndiye ndiyankhe za ndalamazo.

Ku Mangochi kuli makhonsolo awiri. Ilipo ya boma lonse, yomwe imafika mpaka ku Makanjira, Namwera ndi Monkey Bay, ndipo ilipo ya tauni. Pa kalembera wa 2018 boma lonse linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, pamene tauni inali ndi oposa 50,000. Kwa inu a kumphepete kwa tauni, funsani kaye mfumu kapena khansala kuti mudziwe bwinobwino ngati malo anu ali mkati mwa malire a tauni, kuopa kuti kalata ingalowe khomo lolakwika.

Ndalama za khonsolo ya tauni zimachokera mbali zingapo. Zina imatolera yokha: msonkho wa malo ndi nyumba, ziphaso za m'misika ndi m'madepoti, malayisensi a bizinesi. Zina zimachokera ku boma lalikulu kudzera ku National Local Government Finance Committee, komiti yoona za ndalama za makhonsolo, ndipo zambiri mwa izi zimabwera zitamangiriridwa kale ku ntchito yake. Palinso thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF), lomwe mu 2024/25 linali K200 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Zotolera yokhazo ndi zomwe khonsolo ingagawe momasukirako, koma n'zomwenso zikudikiridwa ndi malipiro a antchito, kuchotsa zinyalala ndi zimbudzi za pamsika. Palibe lamulo loletsa kulipira mipanda kapena othirira. Mitengo imangosowa woiyankhulira pamene bajeti ikukonzedwa, ndipo chomwe sichinalembedwe mu bajeti n'chovuta kuchilipira ngakhale khansala akukondeni bwanji.

Apa ndiye mumvetsetse. Kuyambira 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Anthu ambiri amakumbukira za mitengo mu Disembala mvula itagwa, pamene bajeti yomwe ikugwira ntchito inavomerezedwa kalekale ndipo ikupita kumapeto. Koma miyezi yothirira imene bambo alangizi atchula, Meyi mpaka Novembala, ikugwera mu bajeti yatsopano, yomwe ikonzedwe m'miyezi ikubwerayi. Choncho maenje kumbani nokha, mbande pemphani ku ofesi ya zankhalango kapena fesani zanu, mipanda yoyamba mumange ya bango, mudzale mu Januwale. Kukhonsolo pemphani panopa kuti mu bajeti yoyamba mu Epulo mulowe madzi, malipiro a othirira ndi mipanda yolimba. Mukadzabwereranso mu Febuluwale kukakumbutsa, mudzakhala mukunena za mitengo yomwe ili m'nthaka kale, yoti khansala atha kubwera kudzaiwerenga ndi chala. Pempho lotero limamveka kuposa la mitengo ya papepala.

Njira yake ndi iyi. Kambiranani ndi mfumu ndi atsogoleri a mabuloko, nkhani ilembedwe m'maminitsi a komiti ya chitukuko ya wodi yanu. Maminitsiwo ndi ofunika kwambiri, musalole kuti zithere pakamwa. Khansala aitengere kukomiti ya khonsolo yoona zaumoyo ndi zachilengedwe, ipite ku ya zachuma, mpaka kumsonkhano wa khonsolo yonse. Makhansala amene alipowa anasankhidwa pa 16 Seputembala 2025, ndipo aliyense amafuna chinthu chooneka ndi maso m'wodi mwake. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limalola anthu wamba kukamvera misonkhano ya khonsolo, ndiye tsiku limenelo azimayi anu akakhale kumbuyo mwaulemu, makhansala awaone. Komanso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, limakulolani kulemba kalata yopempha kuona bajeti ya khonsolo. Mukaiona mudziwa nokha ngati muli mzere wa zachilengedwe ndi kuti wodi iti inapindula.

M'kalatamo musalembe kuti mukufuna kukongoletsa dera. Lembani za ana ndi mchenga wotentha uja, za tomato ndi masamba zofota pamsika dzuwa lisanafike paliwombo, za madenga amene amasasuka ndi mphepo ya mvula yoyamba chifukwa palibe chotchinga. Mutchule malo enieni a mtengo uliwonse, mwini wake, ndi masamu a ndowa aja. Ndipo mupemphe kuti othirira azilipidwa powerenga mitengo yamoyo pakutha pa mwezi. Wina akanena kuti boma sililipira zoterezi, mumukumbutse za pulogalamu ya M'bwezera Chilengedwe, yomwe ndi thandizo la World Bank imalipira anthu pa ntchito zosamalira nthaka ndi mitengo. Imayenda m'madera osankhidwa, makamaka kumidzi, koma ikuonetsa kuti kulipira wosamalira mtengo si chachilendo.

Za mbuzi, khonsolo ili ndi mphamvu yopanga malamulo ake a m'dera, kuphatikizapo okhudza ziweto zongoyendayenda. Koma ndikugwirizana ndi achimwene a kabaza kuti muyambe ndi pangano la pabwalo la mfumu, limafulumira.

Mwini Nyumba

Zonse mwakambazi n'zabwino, koma ife eni malo mukutidumpha. Ine ndili ndi nyumba za lendi zingapo, ndipo ndinene moona kuti wa lendi akandiuza kuti akufuna kudzala mtengo, mtima umayamba wagunda. Kwathu kuno wodzala mtengo amaonedwa ngati akuika chizindikiro pamalo. Pakapita zaka mwana wake adzabwera n'kunena kuti mango awa anadzala ndi mayi anga. Malo ambiri m'madera athuwa alibe mapepala, tinagulitsana pamaso pa mfumu, ndiye mantha amenewa si opanda pake. Ngakhale mkamwini pamudzi pa mkazi wake amaganiza kawiri asanadzale mtengo wokhalitsa, nanga wa lendi?

Chachiwiri ndi mizu. Mapuloti athu ndi aang'ono, chimbudzi chili apa, bafa ili apo, khoma la mnzako lili pompo. Kwa mlongo wanga kachere anang'amba simenti ya pakhonde mpaka tinagwetsa. Palinso nthambo za ESCOM pamwamba ndi mapaipi a Southern Region Water Board pansi. Mtengo ukadzalidwa pansi pa nthambo, tsiku lina udzadulidwa ndithu, ndipo olakwa tidzakhala ife odzala. M'mbali mwa msewu namonso funsani kaye khonsolo kuti malire a msewu akuthera pati, kuopa kulera mtengo zaka zisanu n'kudzauona ukuzulidwa pokumba ngalande.

Sindikukana, mayi. Nyumba ya mthunzi anthu a lendi sasamukamo msanga, zimenezo ndikuzidziwa. Ndingavomere mango kapena nimu pakhomo panga ngati talemberana pamaso pa mfumu kuti mtengo ndi wa puloti, ndipo zipatso ndi mthunzi ndi za amene akukhala m'nyumbamo nthawi imeneyo. Mukatiitana kumsonkhano tibwera. Tisangodzuka n'kupeza maenje atakumbidwa kale.

Mlangizi Wopuma

Bambo mwini nyumba akunena zoona. Kachere ndi mkuyu pafupi ndi nyumba ayi, mizu yake imafunafuna chinyezi mpaka m'chimbudzi. Nimu, kesha ndi mango zitalikirane ndi khoma kapena chimbudzi mamita asanu kapena kuposerapo. Pamene malo ndi opanikizika kapena pali nthambo pamwamba, dzalani yaifupi yoti muzitha kuisadza: gwafa, masawu, chammwamba. Chammwamba mthunzi wake ndi wochepa koma masamba ake ndi ndiwo, ndipo chimamera ngakhale mutazika nthambi.

Za mbande, Okutobala uno simunachedwe kwenikweni ngati mutafesa sabata zino. Njere za kesha muziviike m'madzi otentha amene mwangowaphula pamoto, zigone momwemo usiku, m'mawa mufese. Za nimu zimafuna zatsopano, zikagonera masabata ambiri sizimera bwino. Koma yang'anani pansi pa nimu wanu uja ndi ina ya kwa anansi mvula ikayamba, mupeza timbande tomera tokha. Machubu akasowa, mapepala a shuga ndi mabotolo odula pakati, oboola pansi, amakwanira. Mango omezanitsa okha ndiwo ofunika kugula kwa odziwa.

Mayi Telala

Zikomo kwambiri nonse, ndawawerengera azimayi mayankho anu onse pamsonkhano wa banki m'khonde. Tayenda kuchokera pachigayo mpaka pakiyosiki kufunsa amene angalandire mtengo m'dzina lake, ndipo avomera anthu 30, kuphatikizapo a kumzikiti ndi a tchalitchi cha kuseri kwathu. Ndiye tiyamba ndi mitengo 30, osapitirira apo. Wokonza njinga uja wanena kuti iye atenga iwiri koma tamuuza ayambe ndi umodzi.

Bambo mwini nyumba, mawu anu andithandiza, chifukwa ine ndimaganiza zongouza eni nyumba zinthu zitatha. Tipempha amfumu aitane eni mapuloti Loweruka likubwerali, pangano la mtengo ndi la mbuzi tikambe tsiku limodzi.

Bambo mlembi, pa za kalendala ya bajeti mwatitsekula maso, ndipo kalata tilemba mwezi uno. Koma pamodzi pokha sindikugwirizana nanu kwathunthu. Mwati othirira azilipidwa powerenga mitengo yamoyo. Nanga mayi wasenza ndowa mwezi wathunthu, usiku wina munthu wazula mpanda kukasonkhera moto, m'mawa mbuzi yamaliza, ndiye mayiyo apite chimanjamanja? Azimayi akuti tilembe kuti theka la malipiro likhale la ndowa zomwe zathiridwa, losainidwa ndi mwini mtengo, theka linalo likhale la mitengo yamoyo. Ndiponso takana kuti kuthirira kukhale ntchito yongodzipereka. Azimayi a kuno amasenza kale madzi ophikira, ochapira ndi osambitsa ana, ndipo madziwo ndi ogula. Wosesa mumsika amalandira malipiro, wothirira mitengo ya pamsewu wa anthu onse alandirenso.

Achimwene a kabaza, masiteji tiwalemba m'kalatamo, koma mutitumizire mmodzi wa inu Loweruka kuti adzafotokoze yekha za kesha wanu uja, azibambo akuno amamva bwino akamva kwa mwamuna mnzawo. Ndipo amene akudziwa komwe tingapeze bango lotchipa mbali ya ku Malombe kapena m'mphepete mwa Shire, ndi amene amagulitsa mango omezanitsa odalirika kuno kapena ku Liwonde, alembe pansipa. Tikufuna mipanda ikhale itakonzeka mvula isanagwe.